Mpando wa Kumanja kwa Gordon

Mumsika wa ku Kafue, kumbali kumene amayala salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, mlendo akafunsa za Febby sankamulozera ndi chala. Ankangomuuza kuti adikire tsiku lotsegula belo, ndipo mkazi amene adzamuone atakumbatira jekete ndi dzanja limodzi, linalo likukankha chigongono cha mnzake, ameneyo ndiye. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, wobadwira ku Shimabala kumene anakula akuthamangitsa mabasi a ku Lusaka ndi dengu la tomato pamutu. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti basi ikaima sufunsa mnzako ngati wakonzeka.

Salaula sanaisankhe. Anakwatiwa ndi Gordon, mwamuna wa ntchito yolemekezeka pa fakitale ya nsalu. Ntchito yake inali kuima pamene nsalu imatulukira m'makina n'kumayang'ana ngati ulusi wadumpha penapake, ndipo diso limenelo ankabwera nalo kunyumba. Ankaona kuti mchere wachepa m'ndiwo, kuti chithunzi chapendekeka pakhoma, kuti woimba kwaya uja watsogola anzake. Febby naye sankasowa yankho. Awiriwa anakondana mokangana, ndipo anansi awo ku Estates, kumene ankakhala, ankadera nkhawa tsiku limene m'nyumbamo mwakhala bata. Mwana wawo Mapalo anazolowera kugona makolo ake akutsutsana za mpira.

Kenaka boma linatsegula zipata, zovala zakale za kunja zinasefukira m'misika, makina a pa fakitale anayamba kuima limodzilimodzi. Tsiku lina Gordon anabwera dzuwa lili pamutu, ovolosi yake ili m'jumbo, n'kukhala pampando wapakhonde.

Febby sanadikire kuti njala igogode. Anagulitsa wailesi yaikulu, n'kulowa m'gulu la azimayi ogulira limodzi mabelo. Ankadziwa bwino lomwe kuti chimene chinapha ntchito ya mwamuna wake ndi chomwecho chimene tsopano chiziwadyetsa, ndipo anakonzeratu mayankho a mkangano umene ankati ubuka. Anawanola sabata yathunthu. Atamuuza, Gordon anangoyang'ana pansi.

"Vili bwino chabe," anatero.

Mawu amenewo ndiwo anatsala m'kamwa mwake. Febby anathira mchere wambiri mwadala, Gordon anadya. Anachemerera timu imene Gordon ankadana nayo kuyambira ubwana, Gordon anati vili bwino chabe. Miyezi inapita. Abale ndi a kutchalitchi ankabwera kudzamupempherera, akulankhula motsitsa mawu ngati pachipatala, pochoka n'kumusisita paphewa. Febby ankachita mantha, ndipo tinene mosabisa, mantha ake sanali a njala. Ankaopa kuti mwamuna amene anakwatiwa naye wapita, kwatsala malaya ake pampando.

Makhadi aja anabwera ndi salaula yomweyo. M'belo la zikwama za ana a sukulu, Febby anapeza chikwama china cholemera, m'kati mwake muli bokosi la nsapato lodzaza makhadi. Sanali makhadi a juga amene tonse timawadziwa. Awa anali ndi zithunzi za zilombo, asilikali, moto, mafunde, ndi manambala m'makona. Mayi wina atawaona anabwerera m'mbuyo akuti ndi ziwanda. Febby anawapatsa Obed, wometa tsitsi wa kuseri kwa msika, mnyamata wa ndevu zake amene Lamlungu ankaimba patsogolo mu tchalitchi chawo cha Pentekosite. Obed anati chiwanda chimene chimalola kutsekeredwa m'bokosi la nsapato iye sangachiope. Anawerenga kabuku kamene kanali pansi pa bokosi podikira mutu wina woti amete, ndipo zimene sanazimve anadzazamo zake.

Masewera ake anali otere. Makhadi onse amasakanizidwa, n'kumangidwa m'timitolo ndi mphira. Aliyense amamasula kamtolo kake, asankha khadi limodzi, otsalawo apatsira wa kumanzere kwake, iye n'kulandira ena kuchokera kumanja. Amatero mpaka timitolo titatha. Ulendo wachiwiri amamasula tina, koma tsopano timayenda chobwerera. Pomaliza aliyense amamenyana ndi anzake pogwiritsa ntchito gulu limene wadzisonkhanitsira. Makhadi a moto amagwirizana ndi a moto anzawo, a madzi ndi a madzi, ndipo wotolatola mitundu yonse amadzipha yekha.

Obed atamufotokozera, Febby anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Iwe Obed, si salaula iyi? Kansi na bazungu bamalimbilana belo?"

Posachedwa, Loweruka lililonse masana, amuna ochotsedwa ntchito anayamba kusonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa malo ometerako, chitseko chakale chitagonekedwa pa migolo iwiri. Makhadi anawapatsa maina awoawo. Lamphamvu koposa mwa a moto, chimphona chachitsulo, analitcha Manejala, chifukwa likangotera pathebulo aliyense ankalongedza n'kumapita kwawo. Lamphamvu mwa a madzi linali Ng'ona. Awiriwa ankadziwika ngakhale kumbuyo, popeza Manejala anali wong'ambika pakona ndipo Ng'ona inali ndi banga la tiyi.

Amene anakokera Gordon kumeneko ndi Ba Whiteson, mkulu amene anagwira naye ntchito zaka zambiri. Febby anathokoza Mulungu. Gordon anapita, anapitanso, anayamba kupambana, ndipo tsiku lina anabwera ndi kanthu pankhope kofanana ndi kumwetulira. Koma Loweruka lina anabwerako msanga, n'kukhala pampando wake uja. Lotsatira lake sanadzuke n'komwe.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Febby anasiyira mnzake katundu n'kupita kwa Obed, anamupeza akumeta Ba Whiteson.

"Bamuna banga mwabachita chani?"

Obed anazimitsa makina ometera. Anayang'ana Ba Whiteson pagalasi, Ba Whiteson anayang'ana nsapato zawo. Pomaliza Obed anaulula. Amunawo anapangana kuti aziwasiyira Ba Gordon makhadi abwino kuti mwina mtima ungatsike. Poyamba ankachita mochenjera. Koma Loweruka lija Manejala anadutsa m'manja mwa anthu atatu, palibe anamutenga, mpaka anakafika kwa Gordon. Gordon analiyang'ana khadilo, anayang'ana anzakewo mmodzimmodzi, anaika makhadi pansi, anati vili bwino chabe, n'kunyamuka.

"Tenze kufuna chabe kumutandiza, mayo," anatero Ba Whiteson, theka la mutu lisanametedwe.

"Kumutandiza? Muntu wamene enze kuona ulusi umozi pa nsalu yonse, imwe muganiza sangaone kuti mumunamiza? Kunyumba bamupempelela monga odwala, kuno mumudyesa na sipuni. Manje azankala mwamuna kuti?"

Febby anakoka benchi n'kukhala.

"Iwe Obed, siliza mutu wa bakulu aba, unipunzise."

Sabata imeneyo, msika ukazizira masana, Febby ankapita kukaphunzira. Chingerezi cha pa makhadi chinkamuvuta, koma kusankha sikunamuvute. Ndiyo inali ntchito yake. Munthu amene amadziwa ndi chala chimodzi kuti jekete ili ndi lachikopa chenicheni pamene manja khumi akulilimbirana, sangasokonezeke ndi timapepala.

Loweruka anavala chitenge chake chabwino, chimodzi mwa zomwe zinaombedwa pa fakitale ija, n'kuima patsogolo pa mwamuna wake, kumuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Bashi Mapalo, niyenda kusewela makhadi kwa Obed. Kuli bamuna bekabeka. Nipelekezeni, bantu bangakambe."

Ankadziwa yankho lake. Munthu amene amavomera zonse savuta kumunyamula.

Atafika, amuna aja anasowa poyang'ana. Mkazi anali asanakhalepo pathebulo limenelo. Gordon anakhala pamalo pake akale, ndipo Ba Whiteson anali atakhala kale kumanja kwake, pamene pamachokera makhadi a ulendo woyamba.

"Ba Whiteson, sendelani. Apo ni panga."

Tsiku limenelo Febby anamukolopa mwamuna wake. Kamtolo kalikonse kakafika m'manja mwake ankachotsamo chabwino, kaya akuchifuna kaya sakuchifuna, n'kumupatsira Gordon zotsalira, zija kumsika amaziunjika pansi kuti wogula adzisankhire yekha. Pomenyana anamugonjetsa anzake onse akuona, ndipo sanapepese. Anamuyang'ana m'maso kudikira. Gordon anasonkhanitsa makhadi ake mwaulemu, n'kuwabweza m'bokosi.

"Vili bwino chabe," anatero.

Kafue ndi tauni yaing'ono. Pofika Lolemba nkhani inali itafika kwa Jennifer, mlongo wake wamkulu wa Gordon, mtsogoleri wa azimayi kutchalitchi. Anabwera kumsika ndipo sanadikire kuti ogula achoke.

"Mulamu, nimvela ati mwachitisa nsoni mulongo wanga pamaso pa bantu. Nchito bamupoka, manje na ulemu mufuna kumupoka? Mukazi wa nzelu amamanga nyumba yake. Sembe mwamusiyilako olo kamozi, muntu alibe na mpamvu."

"Mpamvu ali nazo. Imwe bonse ndimwe mwamuuza ati alibe."

"Chifukwa ndimwe mudyesa nyumba manje mwayamba kuzimvela?"

Mawu amenewo anamulasa Febby, chifukwa ndi omwewo amene ankaopa kuti Gordon amawaganiza ali pakhonde paja. Koma sanagwetse nkhope.

"Ba Jennifer, banja ni babili, wachitatu ni kapasule. Ngati simugula, nipaseniko njila, bantu bafuna kuona masiketi."

Jennifer atapita, Febby anazungulira kuseri kwa mulu wa mabulangete n'kulira. Pakamwa anali wolimba, koma mumtima sankadziwa ngati akuchita bwino. Sabata imeneyo Gordon ankadya pang'ono kuposa kale. Mwina mlamu wake ankanena zoona. Mwina kamoto kamene kanatsala mwa mwamunayo iye ndiye anali kukathira madzi, ndipo akazimiratu palibe wina adzalozedwe chala koma iye. Anapukuta maso ndi bulangete la eni ake, n'kubwerera kukaitana ogula.

Loweruka linafika. Febby anavalanso chitenge chija, anapemphanso kuperekezedwa, Gordon anadzukanso. Ulendo uno pansi pa mango panali anthu ambiri, ena ongodzaonerera, ndipo Jennifer anaima potero atapinda manja, chikwama cha Baibulo chili m'khwapa.

Obed anagawa timitolo. Febby atangochotsa mphira pa kake, kona yong'ambika inasuzumira pakati pa makhadi. Thebulo lonse linaiona. Manejala.

Aliyense ankadziwa kuti Gordon amakonda makhadi a moto, ndipo Febby amatola a madzi. Manejala kwa Febby analibe ntchito. Akanamupatsira mwamuna wake, palibe akanati ndi chifundo, akanangoti ndi masewera. Obed anamuponda phazi pansi pa thebulo. Ba Whiteson anatsokomola chifuwa chimene analibe. Febby anamva maso a mlamu wake pakhosi.

Anasolola Manejala pang'onopang'ono, kona yong'ambika ili poyera, n'kumugoneka chafufumimba patsogolo pake. Zotsalazo anamukankhira Gordon.

"Yaba," wina anatero kumbuyo.

Gordon anayang'ana khadi logonekedwalo nthawi yaitali. Koma Febby, amene anakhala naye zaka zonsezi, anaona mtsempha wa pakhosi pake ukugunda, uja unkagunda kale wosewera mpira akaphonya chigoli chapafupi. Gordon anasankha makhadi ake otsatira mosafulumira, akuwabweretsa pafupi ndi maso.

Ulendo woyamba unatha. Obed anagawa timitolo tachiwiri, toyenda chobwerera, kutanthauza kuti tsopano Gordon ndiye azipatsira mkazi wake. Gordon anachotsa mphira, anatambasula makhadi m'manja, ndipo kumbuyo kwa limodzi kunaoneka banga la tiyi.

Febby anali atadzaza gulu lake ndi makhadi a madzi. Chimene chinkasowa chinali Ng'ona yokha, ndipo akanaipeza palibe akanamuima patsogolo tsiku limenelo. Kwa Gordon, wa moto, Ng'ona inali kapepala chabe. Gordon wa miyezi yonseyi akanaipereka ndi manja awiri. Febby anagwira mpweya, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapempherera kuti chinthu chabwino chisamufike.

Gordon anayendetsa chala pamwamba pa makhadi. Chinaima pa lina, chinapitirira, chinabwerera. Kenaka anatsina la banga la tiyi, analisolola, n'kulimenyetsa pathebulo mwamphamvu mpaka migolo inalira.

Chodabwitsa n'chakuti chimene chinayamba kumufika Febby sichinali chimwemwe. Unali mkwiyo weniweni, wa pa belo.

"Bashi Mapalo! Iyo Ng'ona muzachita nayo chani? Muli na vamoto vekaveka!"

"Nanga imwe Manejala muzamupikila nshima?"

Mawuwo anatuluka okhakhala ngati chitseko chimene chakhala nthawi chisanatsegulidwe.

"Ine ninamutenga chifukwa nimwe munali kumufuna!"

"Na ine chimozimozi! Muganiza ine nilibe menso? Sabata yata munanipoka vonse, nangu vamene simuziba na kubelenga. Ija mbalame ya moto munaitenga, munaisebenzesa? Munainkalila chabe!"

"Ninawina olo sininawine?"

"Munawina chifukwa aba bonse ni bamanta!" Anatembenukira anzake aja, chala chili m'mwamba. "Na imwe Ba Whiteson, mukanipasa futi khadi ya chifundo, nizakumetani ine neka mbali imozi chabe!"

Ba Whiteson anaseka mpaka misozi, ndipo sizinadziwike ngati yonse inali ya kuseka.

Tsiku limenelo sanapambane Febby, sanapambanenso Gordon. Anatha ulendo wonse wachiwiri akulandana makhadi opanda nawo ntchito, aliyense kufuna kukhaulitsa mnzake, magulu awo n'kukhala ngati mulu wa nsapato za phazi limodzi. Anapambana Ba Whiteson, amene anali asanapambanepo chiyambire.

Pobwerera kunyumba anakangana msewu wonse. Gordon ankafotokoza, manja ali m'mwamba, kuti khadi lachitatu limene mkazi wake anasankha linali la uchitsiru, ndipo atamaliza za makhadi analowa za mchere. Anati miyezi yonseyi wakhala akudya ndiwo zowawa ngati za m'nyanja, kodi mchere unatsika mtengo? Anati chithunzi cha ukwati chapendekeka kuyambira nyengo ya mvula. Anati ndipo za salaula sanathe nazo, adzakamba bwinobwino akafika, chifukwa nsalu zija n'zoombedwa mwaulesi ndipo iye angamuonetse ndi maso ake. Anthu a ku Estates anatuluka m'makhonde kudzaona. Mayi wina wachikulire, mnansi wawo wakale, anangomvetsera pang'ono n'kubwerera m'nyumba akumwetulira.

Jennifer anawapeza pachipata, akupuma mofulumira.

"Mwaona manje, mulamu? Mwaleta nkondo munyumba. Mvelani mwamene akalipila!"

Febby anayang'ana mwamuna wake. Misozi inkangotsika, iye osaipukuta.

"Nimumvela, mulamu," anatero. "Musiyeni akalipe."

Gordon anali atafika kale pakhonde. Anayang'ana mpando wake uja, anaukankha ndi phazi kuti apite bwino, n'kutembenuka.

"Bana Mapalo, pa Loweruka mukankale pamene paja futi. Kumanja kwanga. Musasinte malo."

Febby anakoka mamina, anamanga chitenge chake bwino.

"Nizankala," anatero. "Ndipo sinizakusiyilani olo kamozi."